Mkazi Wanga Akukwera Kagalimoto ka Aristide

Aphungu,

Ndikulengeza mwachisoni ku mtundu wonse kuti chitseko cha kumanja cha kagalimoto kanga, mbali yokhala mkazi wanga, chasiya kutseguka. Mbendera zitsitsidwe.

Ndimayendera Grelot, timagalimoto tija ta mipando iwiri tosafuna laisensi, timene ngakhale thirakitala imatipitirira. Ndinaphunzitsa filosofi mpaka kupuma pantchito, koma mayeso oyendetsa galimoto anandikana. Chitsulo cha chitsekocho ndachidikira kuyambira chisanu chisanayambe. Ndikaimba foni kufakitale amayankha mwini wake yemwe: "Pepani aphunzitsi, wa zitseko ali patchuthi."

Mkazi wanga Solange ali ndi nyamakazi, sangakwawe kudzera pampando wanga. Tsono Loweruka lililonse amapita kumsika ndi Aristide, woyandikana nafe amene mkazi wake anamwalira. Mkuluyu wagula galimoto, kabokosi kamagetsi ka kampani ina yaikulu, kongoyenda duu ngati firiji. Ine ndimalondola m'mbuyo ndi madengu, n'kumawaona akuseka.

Nditadandaula, Solange anati, "Iwe Hilaire, injini yako imalira ngati chigayo. Muja munthu angalankhule?" Aristide naye n'kuthira ndemanga: "Aphunzitsi, ingotipatsani ngoloyi nkhuku ziziikiramo!"

Ife a Grelot tikakumana panjira timaimbirana hutala. Masiku ano ndimafika kumsika osaimbira aliyense. Kodi kampani ya Grelot ipirira, kapena ndigonje ndigule kabokosi ngati wina aliyense?

Sabata yatha Aristide ndiye anandiuza kuti Solange akudikira opaleshoni ya chiuno. Akuti Solangeyo ine anandiuza kalekale, tili m'galimoto, ndipo ndinagwedeza mutu.

H.L., Guéret

A H.L.,

Pepani ndi maliro a chitseko.

Za kampaniyo sindine mneneri. Timakampani ngati timeneti timakhalapo chifukwa cha anthu okakamira ngati inu, ndipo mwaona nokha kuti mukutha. Fakitale imene zitseko zimaima munthu mmodzi akapita patchuthi singathamange ndi akuluakulu opanga zikwizikwi. Ikondeni, koma musaiikire banja lanu chikole.

Mawa pitani kumene amaphwasula magalimoto akale. A Grelot ena anagonja kale, zitseko zawo zangounjikana. Chikasowa, makaniko wa m'mudzi aboole, amange, chizitseguka basi, kukongola tidzaona. Zikakanika zonse, mezani malovu mukabwereke kabokosi ka Aristide Loweruka likudzali, iyeyo atsale ndi nkhuku zake.

Aristide musamuyese chiphadzuwa cha mwamuna. Chimene wakuposani n'chakuti m'galimoto mwake munthu akalankhula amamveka. Ndiye lero, musanagwire sipanala, khalani patebulo ndi Solange, wailesi yozimitsa, mumufunse za chiunocho: adokotala ati chiyani, tsiku ndi liti, akuopa chiyani. Filosofi muisiye panja.

Koma chenjerani. Tsiku la opaleshoni padzafunika wokamusiya kuchipatala. Mukapitiriza kudikira fakitale, mudzakamva kwa Aristide kuti zayenda bwanji.

Aphungu