Banja la Ana Atatu Latuluka Katatu

Nkhotakota
9 Novembala 2002

Okondedwa achimwene Abdulhamid,

Salamu alaikum. Kuno tili bwino, kungoti kwatentha ndipo ine mutu waima.

Paja bungwe lathu likugawa maneti a udzudzu ku mabanja okhala ndi mwana wosafika zaka zisanu. Ndine amene ndimatulutsa mayina mu kompyuta, mabanja makumi awiri pa tsamba, ndipo maneti amamangidwa m'mitolo yolingana ndi masambawo.

Pulogalamu yathu yosungira mayina ndi yamakani, achimwene. Ndikaiuza kuti iyambe yasankha ana aang'ono, pomwepo indipatsenso mabanja awo, imakana. Siilola funso m'kati mwa funso linzake. Ndiye ndinangolumikiza mayina a mabanja ndi a ana, n'kumadziona ngati ndachenjera, osadziwa kuti banja la ana atatu lituluka katatu. Ku Chia, Mayi Esitere anaitanidwa katatu, nawonso n'kudzuka katatu opanda manyazi. Maneti awiriwo mukudziwa kale kuti akugwira usipa. Mitolo inatha anthu akadali pamzere, ndipo mayi wina wobereka khanda anabwerera chimanjamanja. Zinandiwawa kwambiri.

Abwana athu, a Raston, sanakalipe. Anangoti, "Zikachitikanso Lolemba ku Bua, tiitanitsa munthu ku Lilongwe." Bambo athu akungodikira zomwezo kuti andibweze kunyumba.

Koma sindigonja ayi. Ntchitoyi ndaigawa pawiri, ngati mmene mayi amayambira kupeta mpunga asanauyeze. Poyamba ndikufunsa manambala a mabanja okha, nambala iliyonse kamodzi, n'kuwasunga pa katebulo kongoyembekezera m'kompyuta momwemo. Masamba ndikudulira pamenepo, mayina a ana ndikuwaitana pambuyo. Ndayesa ndi a ku Chia, Mayi Esitere atuluka kamodzi basi. Vuto lina linali la ma Rashidi athu aja, ochuluka ngati nyerere. Amasinthana malo, wina n'kupezeka pa masamba awiri, ndiye tsopano ndikuwandandalika ndi nambala osati dzina. Mukapeza buku la zimenezi ku Joniko, ngakhale long'ambika, munditumizire.

Lolemba ndikwera nawo lole, mayina ndikaitana ndekha. Ngati ndalakwitsanso, anthuwo aone nkhope yanga.

Mayi akupereka moni, ati mukumadya? Mundiperekere moni kwa alamu anga a Habiba. Bambo akakulemberani za ine, chonde muwayankhe kuti adikire kaye. Inu amakumverani.

Ine mlongo wanu,
Shamsa