Kuyeza Ndandanda wa Masewero Popanda a Gene

KOMITI YA OCHEMERERA MPIRA WACHIAMERIKA WA NFL, ASHTABULA, OHIO

Tsiku: Lachiwiri, 19 Meyi
Malo: Chipinda chapansi, kutchalitchi
Opezeka: Walter Pruszynski (Wapampando), Doreen Halvorsen (Mlembi), Leroy Tibbets
Osapezeka: Marge Dudek (ali kosungirako okalamba), Hank Sorvillo (foni sakuyankha)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Mipando inayalidwa khumi ndi iwiri mwachizolowezi.

2. Ndandanda wa chaka chino
Wapampando anakumbutsa kuti kwa zaka 31, amene ankatiyezera ngati ndandanda wa masewero a timu yathu ndi wolimba kapena wofewa anali a Gene Mattila, omwe anatisiya mu Febuluwale. Anati atsata njira ya malemuwo: kuwonkhetsa masewero amene matimu odzakumana nafe anapambana ndi amene anagonja chaka chatha. Anapeza kuti masewero amene anagonja ndiwo achuluka, choncho ndandanda ndi wofewa.

A Tibbets anakana. Anati matimu amasintha: ena apeza woponya mpira watsopano, ena ovulala awo achira. Anati tiziona zimene akatswiri a juga akulosera, komanso masiku opuma ndi kutalika kwa maulendo.

"Iwe Walter, ukutiwerengera nyuzipepala ya chaka chatha," anatero.

Wapampando anayankha kuti, "Gene ankachita chonchi, iwe uli duu."

A Tibbets anati ankatsutsa chaka chilichonse, m'galimoto, Gene akuwaperekeza kwawo.

Voti inathera mmodzi mmodzi. Mlembi sanavote, poti onse awiri ndi anzake.

3. Zina ndi zina
Wapampando anadziwitsa komiti kuti mu Ogasiti akusamukira kwa mwana wawo ku Tucson, mzinda wakutali komanso wotentha, chifukwa mawondo sakupiriranso chisanu. A Tibbets anafunsa kuti nanga Lamlungu mpira azionera ndi yani. Wapampando anati foni ilipo. A Tibbets anati, "Munthu sungamutukwane bwino pafoni." Kenako anapempha kusintha voti yawo. Komiti inagwirizana kuti kalata ya gulu ilengeze kuti ndandanda ndi wofewa.

4. Msonkhano wotsatira
Lachiwiri, 8 Seputembala. Mlembi anakumbutsa kuti malamulo athu salola msonkhano wa anthu osakwana atatu. A Tibbets anati adzabwerabe, ndipo anapempha makiyi a chipindachi. Wapampando anawachotsa pamphete yawo ya makiyi n'kupereka.

Msonkhano unatsekedwa 2:40 masana.

W. Pruszynski, Wapampando
D. Halvorsen, Mlembi