Mchere Ndinathira Ndekha

Senga Bay, Salima
9 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene Kumbukani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kepitauni pamodzi ndi alamu anga a Janet. Kuno tilipo. Mwera wachepa, usipa wayamba kuphedwa, ndipo mathandala oyanikapo nsomba adzaza. Ndasankha kulemba kusiyana ndi kuimba foni chifukwa ndimakudziwani: munthu asanamalize kulankhula inu mwayamba kale zoti "khululuka, mlongo wanga." Pepala simungalidule mawu.

Ndamva kuti a Chrispin, amene kale ndinkati amuna anga, akuimbirani kuti inu monga mwini mbumba mulole ine ndi mwana wanga Mayankho tibwerere kwawo ku Khombedza. Musanawayankhe imvani mbali yanga, pakuti zambiri ndinakubisirani chifukwa cha manyazi.

Chaka chatha Mayankho anayamba kuwonda. Kudya ankadya ngati munthu wochoka ku ganyu, madzi ankamwa osakhuta, koma thupi linkangotha. Apongozi anga a Gladys anamuyang'ana kamodzi kokha n'kugamula kuti ndi tsempho. Anati ndikapita ku Chipoka kukagula nsomba ndimagona ndi amuna ena, ndipo ndikabwera ndimathira mchere m'ndiwo ndili wotentha, ndiye ndamudula mwana. Sanayankhulire m'nyumba ayi. Anayankhulira pa mjigo, amayi a mudzi wonse akumva. Chitini cha mchere anandilanda, ndipo ndiwo zophika ine ankazikankhira kumbali ndi phazi. Ndinayang'ana a Chrispin kuti anenepo kanthu. Iwo anati, "Ingoululani, amayi a Mayankho, kuti mwana achire." Achimwene, mawu amenewo sindidzawaiwala mpaka m'manda.

Anamumwetsa zitsamba kwa miyezi, akudikira kuti ndiulule chinthu chimene sindinachite. Tsiku lina mwana anakomoka pakhonde. Ndinamubereka, wamtali ngati ine yemwe, miyendo ikukhweka pansi, mpaka kumsewu kukakwera minibasi. Palibe wa pakhomo paja amene ananditsatira.

Kuchipatala anapeza kuti ndi matenda a shuga. Namwino wina dzina lake Anna anandikhazika pansi n'kundiuza kuti m'kati mwa kapamba muli timagulu ta maselo tomwazikana ngati tizilumba m'nyanja. Timeneti ndi timene timapanga insulini, imene imathandiza shuga kuchoka m'magazi kuti thupi liigwiritse ntchito. Kwa Mayankho, asilikali a m'thupi mwake momwe anasokonezeka n'kuononga tizilumbato. Ndinafunsa kuti, "Nanga mchere?" Anna anati, "Mayi, palibe chimene munalakwa." Ndinalira ngati pamaliro, odwala ena mpaka kudzuka pabedi.

Potuluka sindinabwerere ku Khombedza. Ndinabwera kuno kwa a Beauty, mnzanga wa pageni ya nsomba. Mayankho amadzibaya yekha tsiku ndi tsiku. Mankhwala ake timasunga m'kambiya kokwirira mu mchenga wonyowa chifukwa cha kutentha kwa kuno. Wanenepa, wabwerera kusukulu, ndipo pakamwa pake pathwa ngati pa amalume ake.

Tsono mwana atachira, a Chrispin akumbukira kuti ali ndi mwana. Anaona pafoni kuti kumaiko akunja madokotala amatenga tizilumba tija kwa munthu wina n'kuika mwa wodwala shuga. Anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti iwo apereka kapamba wawo kwa mwana wawo. Anthu anawomba m'manja, ena mpaka nthungululu. Bambo wabwino bwanji!

Ine ndinakafunsa Anna. Anati n'zoona zimachitika, koma kutali kwambiri, ndipo kawirikawiri kwa akuluakulu amene shuga yawavuta zedi. Tizilumbato amatilowetsa kudzera mumtsempha kuti tikakhazikike m'chiwindi, munthu n'kumamwa mankhwala moyo wake wonse kuti thupi lisatikane, ndipo ena pakapita zaka amabwereranso ku jakisoni. Anandiuzanso kumene amatitenga. Chimenecho ndinachisunga mumtima ngati mpeni watsopano.

A Chrispin atatuma uthenga kuti akufuna kudzapepesa, ndinati abwere ndi amayi awo masana, pamathandala, pamene amayi onse amayanika usipa. Anabwera Loweruka, a Chrispin atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anayamba kudziguguda pachifuwa kuti, "Ine ndakonzeka, andidule, mwana wanga asiye kubayidwa."

Ndinati, "Zikomo kwambiri, bambo a Mayankho. Koma tizilumbato amachotsa kwa munthu womwalira. Mukamwalira mutiuze, tidzabwera kudzatenga."

A Beauty anaseka mpaka kukhala pansi mu mchenga.

Ndinali nditaphika utaka. Ndinaika poto pakati pa anthu, ndinatapa mchere ndi dzanja langa ili, wodzaza chikhatho, n'kuthira onse akuona. Ndinatapanso kachiwiri. Kenaka ndinapakula n'kugwada mwaulemu wonse pamaso pa apongozi. "Amayi, idyani. Ndathira ndine."

Anayang'ana mbale, anayang'ana anthu. Kukana kunali kunena kuti ndikadali hule. Anadya, achimwene. Ndiwo zinali zowawa zoti ngakhale galu sakanazinunkha, koma anadya mpaka mutu wa nsomba, misozi ikutsika. Atapempha madzi ndinachedwa nawo dala, ndikukumbukira mwana wanga akulirira madzi iwo akumupatsa zitsamba. Mukufuna kudziwa ngati ndinamva chisoni? Ayi. Ndinamva kukoma.

Nthawi ya jakisoni itakwana, Mayankho anatulutsa singano yake n'kudzibaya pantchafu pomwepo. Bambo uja wokonzeka kudulidwa anatembenuza nkhope n'kumayang'ana maboti. Mwana anaona. Anangotsekera singano yake n'kukalowa m'nyumba.

Apongozi anapepesa pamaso pa amayi a kuno, koma amayi a kuno sindiwo anamva bodza lija. Ndawauza kuti akaimirire pa mjigo wa ku Khombedza, pamene anandivulira ulemu, akanene mokweza kuti ananama. Akatero adzamuona mdzukulu wawo. Koma ine kubwerera kunyumba ija, ayi. Ndiye a Chrispin akaimbanso, muwauze kuti mwini mbumba wakana. Musandigulitse ndi mtima wanu wofewawo, chonde.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana. A Beauty akuti musaiwale nsapato zimene munawalonjeza. Mayankho akuti moni wambiri, ndipo mukamabwera pa Khirisimasi musamubweretsere maswiti. Dzulo tikusankha usipa anandifunsa kuti, "Amayi, adadi akanayang'ana, mukanawalola kuti azibwera?" Ndinamuuza kuti asankhe bwino, akusiya mchenga. Jekete ija a Chrispin anaiiwala kuno, ndipo mwana waipinda n'kuiika pansi pa pilo wake. Ndikuiona tsiku lililonse ndikamasesa, koma sindinaichotse.

Ndine mlongo wanu amene amathira mchere ndi dzanja lake,
Lilian