Makilo Achikhulupiriro

Lolemba, 3 Juni

Zatheka! Ndege ya mishoni inyamuka Loweruka ndipo dzina langa lilipo. Atatu a Komiti Yothandiza Ndege: a Wapampando (ndiziwalemba a W.), akazi awo, ndi ine mlembi. Zaka zinayi tikumata makatoni, kukolopa shedi ya ndege, kupempherera mapiko, lero atikumbukira.

Tikupita kuchipatala cha kuseri kwa mapiri, kumene mwana wanga wachiwiri ndi mzamba. Msewu wa kumeneko unaduka chaka chatha. Mdzukulu wanga ali ndi miyezi isanu, sindinamuonepo, ndimangomumva akulira pa foni netiweki ikafuna. Ndege ikakhala pansi ola limodzi lokha. Olalo landikwanira, bola ndikamugwire.

Lachiwiri, 4 Juni

Apayiloti atumiza fomu. Mayi wochepa thupi uja, wosaseka, wa magalasi akuda. Akuti aliyense alembe kulemera kwake kuti adziwe malo otisungira. Nkhani ya mizere itatu, ife msonkhano maola atatu.

A W. akuti makilo 80. Ndinayang'ana lamba wawo, ali pa bowo lomaliza, lochita kuboola ndi msomali. Ndinati, "Bambo, ndilembedi 80?" Akuti, "Alembi, lembani mwachikhulupiriro." Mayi W. anayamba akana, akuti munthu wamkulu safunsidwa zotere pagulu. Kenako chapansipansi, 60.

Ine ndalemba 62. Si bodza ayi. Ndinalidi 62 nditangobereka wachisanu, ndipo wachisanuyo pano ali ndi ndevu.

Zonse pamodzi 202. Onse anavomereza.

Lachitatu, 5 Juni

Tsiku lonse kushedi, kupakira. Makatoni a mankhwala ndi mabatire awiri a firiji ya katemera. Mwana wanga waimba m'mawa, funso loyamba mabatire. Firiji inafa masabata atatu apitawo, azimayi akuyenda mtunda ndi makanda n'kubwerera osabayitsa. Funso loti mayi mwadzuka bwanji silinapeze malo, foni inaduka.

Masana kwatulukira galimoto ya a W. Amuna awiri akutsitsa chinthu chokutidwa ndi bulangete, thukuta kamukamu. Mwala wachikumbutso! Akuti akautsegulira kuchipatalako, pakhale zithunzi. Pamwamba dzina lawo, zilembo ngati za pa basi. Pansi pake la akazi awo. Pansi penipeni, "ndi ena." Ena amenewo ndine.

Amakaniko anandikodola kuseri kwa ndege, manja ali bii ndi oyilo. "Mayi, fomu ija ndi yongokonzekera. Loweruka pali sikelo. Amayeza aliyense, chikwama ndi nsapato zomwe." Ndinaseka nawo, kenako ndinakumbukira 62 yanga ija.

Lachinayi, 6 Juni

Ndawauza a W. za sikelo. Pompo alengeza kuti mpingo wonse usale kudya masiku awiri, kupempherera chitetezo cha ndege.

Lachisanu, 7 Juni

Njala, abale!

M'mawa ndakumana ndi a W. akuthamanga kuzungulira tchalitchi atavala suti ndi juzi ziwiri. Akuti akuzinga nyumba ya Ambuye ndi pemphero. Pemphero lake lochita wefuwefu. Mayi W. ndawapeza mu tiyirumu ya kuseri kwa msika, tsaya lili tuu. Anandiona, ndinawaona. Akuti, "Mankhwala anga salola m'mimba mopanda kanthu." Ndinati pepani amayi, matendawa ndi ovutadi.

Bambo a kunyumba kuno nawonso, masiku onsewa osakazinga mazira, akazinga lero, chitseko cha kukhitchini chili pululu. Akuti, "Zaka makumi awiri zimene unadya sungazibweze ndi madzi a mandimu."

Zoseka n'zoseka, koma ndikuopa. Ndege ikalemera, wotsala amakhala wamng'ono pa udindo. Ndikudziwa bwino, malamulo a komiti ndinalemba ndine.

Loweruka, 8 Juni, mundege

Ndilembe zisanandithawe.

Sikelo anaiika pakati pa shedi, kwaya yonse yobwera kudzatiperekeza ikuonerera. A W. anakwera. 112. Anavula jekete, nsapato, tayi, anatulutsa makiyi ndi mafoni awiri. 109. Akuti sikelo imeneyi ndi yachikunja. Apayiloti kungolemba. Mayi W. 88, atatseka maso. Ine 74, ndipo wina mu kwaya anati "Ameni." Mwala 45.

Apayiloti anati, "Munandiuza 202, ndakusungirani 202. Zoposa apo ndege siidzuka kuphiri kuja. Sankhani nokha, muli ndi mphindi khumi."

A W. akuti mabatire atsale, adzapita ulendo wina. Apayiloti anavula magalasi, koyamba kuona maso awo. "Mabatire si a komiti yanu, bambo."

Ndiye a W. anatembenukira kwa ine ndi nkhope ya pamaliro. "Alembi, mwatumikira mokhulupirika, Ambuye akuona." Basi ndinadziwa kuti ndatsala. Misozi inalengeza, ndinakumbatira chikwama changa ngati wina andilanda.

Koma masamu anawakanabe. Iwo, akazi awo ndi mwala, zinapitirira. Anayang'ana mwala. Anayang'ana akazi awo. Anayang'ananso mwala, nthawi yaitali ndithu. Kenako akuti, "Amayi, mukudziwa kuti ntchito ya Ambuye imafuna kudzipereka. Ndipita ine ndi mwalawu."

Mayi W. anati, "Zaka makumi atatu ndikukuchapirani, mukundisinthanitsa ndi mwala?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira, kaya ndi njala. Zaka zinayi ndakhala ndikulemba "onse anavomereza" ngakhale pamene sanavomereze ndi mmodzi yemwe. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "A Wapampando, malamulo akuti tikasiyana maganizo tivote. Ndikupereka ganizo loti apite Amayi ndi mlembi."

Akuti, "Alembi, mwayamba liti?"

Ndinati, "Lero, bambo. Ogwirizana nalo akweze dzanja."

La Mayi W. linafika m'mwamba langa lisanachoke pachikwama. Awiri kwa mmodzi. Amakaniko nawo anakweza, ngakhale si membala.

Pano tili m'mitambo. Mayi W. andigwira bondo, akuimba nyimbo ya kwa akufa. Ine ndapatsidwa kathumba kapepala ndipo ndakagwiritsa kale ntchito, ngakhale munalibe chotuluka.

Loweruka lomwelo, pansi pa mtengo

Tatera pa udzu, ndege ikudumphadumpha. Anthu mbwee m'mbali mwa bwalo, azimayi ndi makanda mzere mpaka kuchipatala. Amva kulira kwa ndege kuyambira kutali.

Ndinamuona akuthamanga, yunifolomu yoyera, mwana ali m'manja. Wawonda mwana wanga, mtima unandipweteka. Ndinatambasula manja, mawu onse amene ndinakonza sabata yonse ali pakamwa.

Anandidutsa. Molunjika kwa Apayiloti: "Mabatire abwera? Onse awiri?" Atamva kuti eya anafuula ngati wagoletsa chigoli. Kenako anatembenuka, "Aa, Mayi! Gwirani uyu," n'kundiponyera mwana m'manja, iye uyo kukasenza katoni.

Moni sindinalandirebe. Ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo latsekeredwa. Kamdzukulu kanga kandigwira chala, kakundiyang'anitsitsa osaphethira, dovu lili pa bulauzi yanga ya komiti. Apayiloti akuti kwatsala mphindi makumi anayi. Ndatembenuza wotchi kuti ndisaione.