Khomo Lobiriwira la a Haruna Sidiki

Kwa Che Sidiki ndi mayi a m'nyumba, kwa a Jamila, kwa abale onse a banja lofedwa, ndiponso kwa onse amene akhala akuwerenga ntchito za bungwe lathu.

Ife a Bungwe la Ojambula Makatuni a m'mbali mwa nyanja ku Salima tinalandira modzidzimuka ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mnzathu ndi mphunzitsi wathu, a Haruna Sidiki, amene anatisiya m'mawa wa Lachiwiri lapitali atadwala kanthawi kochepa. Uthenga ngati uno umayenera kukhala wachipepeso basi, koma wathuwu ukubwera utasenza manyazi, pakuti malemuwa anaikidwa m'manda ife kulibe, ndipo sitinganame kuti sitinamve.

Owerenga ambiri ankawadziwa ndi dzina loti Chiphaniphani, limene ankasaina pakona pa tsamba lililonse. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali yoperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay, koma mtima wawo unali pa pensulo. Ankakonda kutisimbira kuti ali achichepere ankapita ku kafe ya intaneti pa boma, kufupi ndi depoti, kumene kompyuta ina yokalamba inali ndi kadziko kongoyerekeza. M'kadzikomo tianthu ta mitu ya makona anayi tinkayenda m'misewu, aliyense atadzipatsa dzina latsopano, ndipo munthu wa ku Salima ankatha kucheza ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja zamchere. Netiweki ikadula, kamunthu kako kankauma pakati pa msewu, mwendo umodzi uli m'mwamba. Akafika pamenepa a Haruna ankaimirira ndi mwendo umodzi, thireyi ili m'manja, mpaka tonse titagwira nthiti.

Kuchokera m'kadziko kameneko ndi mmene munabadwa buku lawo la makatuni, Mzinda wa Mawaya. M'bukuli anajambula Salima wa m'tsogolo, nyanja itagulidwa ndi kampani n'kutchingidwa ndi mpanda wa magetsi, minda ya mpunga ya ku Chinguluwe ikulimidwa ndi makina osagona tulo, ndipo anthu osauka atadzazana mu siteshoni ya sitima pansi pa zikwangwani zowala usana ndi usiku. Anthuwo amadzilumikiza waya kuseri kwa khutu n'kulowa m'kadziko kakale ka pa intaneti kamene eni ake anaiwala kuzimitsa, kumene nyanja idakali ya aliyense. Polowera ndi pamodzi pokha: khomo lobiriwira, la chitseko cha matabwa chokhala ndi chigamba cha lata m'munsi, ndi chingwe cha ukonde m'malo mwa chogwirira. Magawo awiri a bukuli anatuluka ndipo anawerengedwa mpaka ku Lilongwe. Achinyamata ambiri a kuno anaphunzira kugwira pensulo kwa malemuwa popanda kulipira kanthu. Gawo lachitatu, lomwe ndi lomaliza, analimaliza ndi pensulo yokha asanadwale, ndipo mapepala ake ali m'nyumba ya makolo awo. Popanda mapepala amenewo nkhaniyi idzauma pakati pa msewu ngati kamunthu kaja.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere: a Haruna ankajambula kwawo, n'kutumiza tsamba pa gulu lathu la pa foni, ife n'kulipaka mitundu pa kompyuta. Khomo lija ndinkalipaka ndine, ndipo sindingawerenge kuti kangati. Tinkaonana pa loji mwa apo ndi apo, koma zonse zofunika zinkathera pa foni. M'zaka zonsezi, kupatula membala mmodzi, palibe wa ife amene anapondapo kwawo.

M'mawa wa Lachiwiri a Jamila, mlongo wawo wa malemuwa, analemba pa gulu lathu ndi foni ya achimwene awo kuti, "Achimwene atisiya m'mawa uno. Dziwitsanani." Tinalira, ndipo misozi yathu sinali yonama. Kenako tinachita zimene tinazolowera. Ambiri mwa ife ndife Akhristu, ndipo kwathu maliro amagona, mwambo n'kukhala mawa lake kapena mkuja. Choncho tinasankha komiti. A Brian anapatsidwa ntchito yopeza nkhata ya maluwa, a Takondwa anayamba kujambula chithunzi chachikulu cha malemuwa akulowa pa khomo lobiriwira, ndipo enafe tinayamba kukangana ngati kumwamba kwa chithunzicho kukhale kofiirira kapena kwa buluu.

Mkangano uli mkati, a Hashim, membala wathu wachisilamu, analemba kuti, "Abale, siyani zimenezo. Kwathu maliro sagona. Ikangotha swala ya masana ku mzikiti tikukaika. Nyamukani pompano." Uthengawo unakwiririka ndi zithunzi zimene tinkatumizirana. Ena anauona. Mmodzi anauyankha ndi kachizindikiro ka manja opemphera. Inenso ndinauona, koma ndinaganiza kuti akunena za mapemphero a tsiku loyamba, ndipo sindinaimbe foni kuti ndifunse. A Hashim anakwera kabaza okha, ndipo ndi iwo okha a bungwe lino amene anaika phewa pa jeneza yonyamulira thupi la a Haruna. Pa nthawi imene dothi linkatsikira m'manda, ife tinali kuvota za mtundu wa mitambo.

Tinafika m'mudzimo Lachitatu, titavala zakuda, nkhata ndi chithunzi zili m'manja. Tinayenda uku ndi uku tikuyang'ana chigulu cha anthu, mpaka mayi wina amene ankayanika usipa pa thandala anatiitana.

"Maluwawo ndi a ukwati wa ndani, ana inu?"

"Tikufuna pa maliro a a Haruna, mayi," ndinayankha motero.

"Maliro? Maliro anali dzulo. Nyumba ndi iyo mwaidutsa kawiri ngati ogulitsa kaunjika."

Titacheuka tinaliona. Linali khomo lobiriwira, chigamba cha lata m'munsi, chingwe cha ukonde chikulendewera pamalo pa chogwirira. Ndinkadziwa msomali uliwonse wa chigamba chimenecho, koma ndinalidutsa kawiri masana dzuwa likuswa mtengo.

A Jamila ndiwo anatuluka titaodira. Tinapepesa mmene tikanathera, koma manyazi athu anali asanakwane, pakuti a Brian, chifukwa cha kusokonezeka mtima, anafunsa kuti, "Pepani achemwali, kodi mapepala a gawo lomaliza ali pabwino?"

"Dothi silinaume kumanda, inu mukufunsa mapepala?" anatero a Jamila. "Ndinakulemberani m'mawa. M'mawa! Mumadikira kuti ndikutumizireni minibasi? Mapepala amenewo satuluka m'nyumba muno. Kaya adyedwe ndi chiswe, satuluka."

Funso limenelo sitikuwasenzetsa a Brian okha, chifukwa linali m'mitima ya tonsefe, iwo anangolitulutsa.

Pamenepo Che Sidiki, bambo a malemuwa, analankhula ali pa khonde. "Jamila, apatse mphasa alendo. Maluwawo ikani pamthunzi, ana anga, kuno sitipita nawo kumanda." Titakhala pansi anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anati, "Mwana wanga ankandiuza kuti ali ndi anzake ambiri. Dzulo ndimayang'ana pa msewupo, ndinangoona Hashimu. Ndiye ndinati, kapena enawo ndi ojambula chabe ngati anthu a m'mapepala akewo."

Mawu amenewo sanawanene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake akutiwawabe. Anapempha kuona chithunzi chimene tinabweretsa, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chili pa chigamba cha lata.

"Ichi ndinakhoma ndine mbuzi itaboola," anatero. "Ndiye mukuti anthu a ku Lilongwe achiona?"

"Achiona, bambo."

"Akanandiuza ndikanakhoma chowongoka."

Ngakhale a Jamila anabisa nkhope mu mpango wawo pamenepo kuti tisaone kuti akumwetulira. Kenako Che Sidiki anagamula nkhaniyo motere: "Mapepala ndi a Jamila. Wanena kuti satuluka, ndiye satuluka. Koma sindinamumve akunena kuti inu musalowe."

A Jamila anatiyang'ana n'kunena kuti, "Akafuna abwere ndi miyendo, osati pa foni. Ndipo pachikuto palembedwe dzina limene bambo anawapatsa. Chiphaniphani sitikumudziwa kuno."

Bungwe lakhala pansi, maso ndi maso, ndipo lavomera mawu amenewa onse popanda kuchotsapo kapena kuwonjezerapo. Tsamba lililonse la gawo lomaliza lidzapakidwa mitundu m'nyumba ya Che Sidiki, a Jamila akuona, ndipo palibe pepala limene lidzajambulidwe ndi foni kapena kudutsa pa khomo lija. Tsiku limene a Jamila adzanene kuti tatopetsa, tidzanyamula makompyuta athu n'kubwerera, ndipo sitidzadandaula. Pachikuto padzalembedwa Haruna Sidiki. Pa sadaka ikubwerayi tidzafika mwambo usanayambe kudzawaza nkhuni ndi kutunga madzi, ndipo a Hashim ndiwo adzatiuze pokhala ndi poima. Ulendo uno tidzawamvera. Kwa owerenga amene akufunsa tsiku limene bukuli lidzatuluke, yankho lathu ndi lakuti sitikudziwa, pakuti tsikulo lili m'manja mwa banja.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Che Sidiki, kwa mayi, kwa a Jamila ndi kwa abale onse. Pepani chifukwa cha mwana wanu, ndipo pepaninso chifukwa cha ife. Mulungu amene amaona misozi ya aliyense akupatseni mphamvu ndi chipiriro m'masiku owawitsa ano, amve mapemphero anu a duwa, ndipo awalandire a Haruna pa malo a mpumulo wabwino.

Loweruka m'mawa tidzaodira pa khomo lobiriwira. Sitidzafunsanso njira.

Zione Mwaiwathu
Wapampando, Bungwe la Ojambula Makatuni a m'mbali mwa nyanja, Salima