Iyi Yokha Musaidule, Amayi

Mayfair, Joni
Mwezi wa Julaye

Amayi anga okondedwa,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi bondo lija likumavutabe kukazizira? Mng'ono wanga Nasrin anandiuza kuti mafuta opaka ndinatumiza aja munagawirako mai a Chrissy mpaka botolo kufika pakati. Amayi inu, mafuta aja anali anu! Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti chaka chino kuzizira kwanyanya. Madzi a pampopi m'mawa amachita kuluma zala.

Ndisanapite patali, chimtolo chachitali chimene achimwene a Useni akatenge ku Lilongwe kwa a Frazer, onyamula katundu aja, musachimasule musanamve zonse ndalemba muno. Komanso sizasi yanu yosokera ija mum'patse Nasrin akaibise kaye. Ndikulemba uku ndikuseka, koma sindikuchita nthabwala.

Ndikanatha kungoimba foni, koma ndikudziwa mmene zimakhalira. Achimwene amaiika pa laudi pakauntala, ndiye aliyense wodzagula mchere ndi sopo pa Nambuma amamva nawo, ena mpaka kumayankhira. Nkhani iyi ndi ya inu ndi ine kaye. Nasrin akuwerengereni m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Ntchito ndikugwirabe kusitolo ya makapeti akale ija, kwa a Haji, nkhalamba ya ku Pakisitani. Munandifunsapo kuti ngati ndi kaunjika bwanji osangonena kuti kaunjika. Kunotu zinthu zake n'zozondoka. Kapeti ikakalamba m'pamene anthu amaithamangira, bola ikhale yolukidwa ndi manja. Anthu olemera, ofika pa magalimoto onyezimira, amavula nsapato n'kumayendayenda pamwamba pake, kugwada, ena mpaka kununkhiza. Sabata yatha mayi wina anabwera ndi pilo wa pampando wake kuti ayerekeze mtundu. Tinamuyalira makapeti kuyambira m'mawa mpaka msana wanga kuuma, pomaliza akuti akafunse kaye amuna ake. Ndinamwetulira bwinobwino, mumtima ndikuti pitani, musadzabwerenso.

Tsopano ndikukumbutseni za kakapeti kakang'ono ndinatumiza chaka chatha. A Haji anandipatsa ngati mphatso, ine ndinati kapite kwa amayi anga. Inu mutakaona kuti n'kosuluka, munati Rukia akuvutika ku Joni mpaka wayamba kutola zotayidwa, koma zisawonongeke. Ndiye munakadula panayi! Chidutswa china pakhomo la sitolo, china pakhomo la nyumba, china kwa mai a Chrissy, chotsala achimwene anamanga pakaliyala ya njinga. Nasrin atanditumizira chithunzi ndinakhala pansi. Ndinalira, Amayi, sindikubisirani.

A Haji ataona chithunzicho anagwira mutu n'kuyamba kuyankhula chinenero cha kwawo, chomwe amayankhula pokhapokha zinthu zikavuta. Koma mnyamata amene amakonza makapeti ong'ambika pasitolo pathu anatenga foniyo n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka ananena kuti mayi amene wadula mowongoka chonchi pa chinthu cholimba ngati chimenechi ali ndi dzanja labwino, ndipo munthu wogawa panayi chinthu chimene walandira kamodzi ndi wofunika kumudziwa. Ndinasiya kulira n'kuyamba kuseka. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuona mwamtundu wina.

Dzina lawo ndi a Yasini. Kwawo ndi ku Ntaja, Msilamu mnzathu, ndipo swala saphonya. Makolo awo anamwalira iwo ali aang'ono, anawalera ndi alongo awo. Sayankhulayankhula, mwina n'chifukwa chake timagwirizana, paja ine mumati ndinabadwa ndi wailesi m'kamwa.

Itadutsa Idi, a Haji anatiuza kuti ife amene takhalitsa pantchito aliyense asankhe kapeti imodzi kuchipinda cha kuseri, kumene timaunjika zowonongeka ndi zosayenda malonda. Tsiku lomwelo a Yasini anandipeza ndikutsuka n'kundifunsa kuti pabalaza pa kwathu ku Nambuma m'potakasuka bwanji. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawafunsa ngati akufuna kukasesapo. Anayankha kuti kapeti yawo akufuna ipite kwa amayi anga, popeza yoyamba ija inatha, komanso kuti iwo ndi amalume awo adzapeze pokhala akadzabwera kudzafunsira mbeta. Amayi, burashi inagwa yokha m'manja! Mwamva tsopano chifukwa chimene ndinamuvutitsira Nasrin kuti ayeze pabalaza ndi chitenje.

Ndiye bwerani mumve mmene tinasankhira, chifukwa tinatsala pang'ono kuyambana ukwati usanayambe.

Ine maso anga anathamangira ina yofiira kwambiri, ya maluwa agolide, yowala ngati nsalu ya mkwatibwi. Ndinati iyi ndiye anthu a pa Nambuma akaiona adzadziwa kuti Rukia ali ku Joni. A Yasini sanatsutse, anangoitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kosalala, kouma gwa ndi guluu, mizere yonse yofanana. Anati imeneyo ndi ya makina, inangobwera pamodzi ndi katundu wa m'nyumba ina, ndipo ulusi wake ndi pulasitiki, khala la mbaula likangogwerapo imasungunuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinachita manyazi, poti ineyo ndimagwira ntchito pomwepo ndipo zimenezi ndimazidziwa.

Iwo anakonda ina yoyera, yofewa moti ukaigwira sufuna kuchotsa dzanja. Apa ndiye ndinakanitsitsa. Ndinawafunsa ngati analionapo fumbi la pa Nambuma mwezi wa Okutobala, kapena ana a achimwene nyengo ya mango. Anati ingasamalidwe. Ndinati ndiye kuti amayi anga akaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pamwamba pa kabati mpaka Yesu, pepani, mpaka tsiku la Kiyama. A Haji anali pakhomo akumvetsera, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mtsikanayu akunena zoona, kapeti imasankhidwa poganizira nyumba ndi mapazi a eni ake, osati maso a wogula.

Yachitatu inali pansi penipeni pa mulu. Mtundu wake ndi wa njerwa yopsa bwino, m'mbali mwake mwabuluu woderako, ndipo muli timbuzi ndi timbalame tating'onoting'ono, tina miyendo yosalingana. Koma chakumbali inali ndi chibowo chachikulu ngati mbale, pamene eni ake akale ankaikapo mphika wa maluwa, madzi n'kuoletsa. Titaitembenuza tinaona mfundo zake, iliyonse yomangidwa ndi zala za munthu. Chapakati kufiira kwake kukusintha pang'ono. Poyamba ndinkayesa kuti n'kusuluka, koma a Haji anati pamenepo woluka ubweya unamuthera, n'kukanyika wina, ndipo mtundu sunafanane ndendende. Akuti analuka ndi amayi a kumudzi wina wa kumapiri a Hajiwo asanabadwe, ndipo iwowo mano anatha kale m'kamwa.

Tinaipinda kuti tione ngati njenjete zinalowamo, tinapeza mulibe. Tinaipukuta ndi kansalu koyera konyowa, utoto sunatuluke. Kenaka ndinavula nsapato n'kupondapo. Amayi, kutenthera kwake! Nthawi yomweyo ndinaganiza za mapazi anu pasimenti pozizira paja mukadzukira swala ya m'mamawa, ndipo ndinati ndi imeneyi basi. A Yasini anayang'ana chibowo chija, anapumira m'mwamba, n'kunena kuti ndawasankhira ntchito.

Inalidi ntchito. Lamulungu lililonse, anzawo akupita kokaonera mpira, iwo anali kuseri kwa sitolo ndi singano. Anayamba ndi kulumikiza ulusi wa m'kati umene unaola, kenaka kumanga mfundo imodziimodzi motsatira maluwa a mbali inayo. Ubweya watsopano unkawala kwambiri, ndiye ankaunyika mu tiyi n'kuuyanika padzuwa kuti ufanane ndi wakalewo. Pena ankamasula zonse zimene aluka tsikulo chifukwa kambuzi kamodzi katuluka konenepa kuposa anzake. Ine ndinkabwera ndi mpunga wa nyemba n'kumawanena kuti ku Nambuma kulibe amene adzawerenge mbuzi. Ankangoti amayi ako ndi telala, adzaona.

Ndipo ndikufuna muonedi. Inu mwasoka pakhonde la sitolo kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo diresi ya telala wina mumayamba mwaitembenuza musananene kanthu. Mukamasula mtolowo, funani pamene panali chibowo. Mukalephera kutsogolo, tembenuzani. Munthuyo simunamuone, koma ntchito ya manja ake ili m'nyumba mwanu.

Tsopano ndinene chimene chikundilemera. Za a Sharif a ku Nsaru ndikuzidziwa. Ndikudziwa kuti lole ya bambo awo ndi imene imatibweretsera katundu wa m'sitolo chimwalirireni abambo, komanso kuti amalume a ku Mpingu anayamba kale kumwa tiyi kumeneko. Nthawi zonse mukandifunsa ndimati tiona. Lero ndikuyankha, Amayi: a Sharif sindikuwafuna. Sanandilakwire chilichonse, ndipo adzapeza mkazi wabwino, koma mtima wanga suli kumeneko. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akupatsani ntchito yovuta kwa amalume ndi kwa anthu a ku Nsaru, ndipo zimenezo zikundipweteka.

A Yasini alibe lole, alibe sitolo. Ali ndi singano, chipinda chimodzi cha lendi, ndi ntchito imene a Haji amati sangaipereke kwa wina. Ndinawauza kuti mwina mukhoza kukana. Anati mukakana ndiye kuti zathera pomwepo, chifukwa iwo anakula opanda mayi ndipo sangalole kuti ine nditaye wanga chifukwa cha iwo. Ndinakwiya nawo tsiku limenelo, ndinkafuna anene kuti adzandithawitsa. Koma nanenso ndikudzidziwa. Sindingakhale pa nikah kumangitsa ukwati inu mutayang'ana kumbali.

Pempho langa ndi limodzi. Sitolo ya a Haji ikatsekedwa mu Disembala tikubwera, Mulungu akalola. A Yasini adzatsala ku Lilongwe kwa mbale wawo wina, ine ndidzafika ndekha. Ngati mwalola kuti abwere ndi amalume awo, kapetiyo muiyale pabalaza. Ngati simunalole, muikulungenso, muiike pamwamba chifukwa cha chiswe, ndipo ndidzabwerera nayo. Motero simudzavutika kufuna mawu ondiuza, inenso sindidzakukakamizani kunena chimene chingatilize tonse. Koma kaya mwalola kaya mwakana, iyi yokha musaidule, Amayi. Mai a Chrissy ndidzawabweretsera chopondera chawochawo.

Mukaiyala, pansi pake muyambe mwaika mphasa kuti isamagunde simenti. Musapite nayo kumjigo ndi sopo wa ufa, ndikukudziwani inu ndi zinthu zooneka zakuda. Imeneyo tinachapa kale, mtundu wake ndi womwewo. Mphonje za m'mapeto zisakunyanseni n'kuzimeta, ndi zimene zagwira kapeti yonse, mukazidula imayamba kumasuka. Kusesa ndi tsache lofewa basi. Ndipo muzipondapo, muzikhalapo, ana azigubudukapo. Yapirira mapazi a anthu zaka zonsezi, singaope a pa Nambuma.

Nasrin, iwe ukuwerengawe, ndikudziwa kuti pofika pano wayamba kale kuvina. Khala pansi. Usanditumizire chithunzi, usandiimbire kundiuza kuti ayala kapena sanayale, ngakhale ndikunyengerere bwanji, chifukwa ndidzakunyengerera ndithu. Asiye amayi aganize mwaufulu, nthawi ilipo.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Useni ndi alamu anga, ndi ana onse. Moni kwa azakhali a Safia ku Kabudula, muwauze kuti ndinamva za mdzukulu watsopano ndipo ndakondwa kwambiri. Moni kwa amalume ku Mpingu, koma nkhaniyi muwauze inuyo mukaona kuti nthawi yake yakwana. Moni kwa amayi onse a kumzikiti, muwapemphe azindikumbukira m'maduwa awo akamapemphera.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Koma tsiku ndidzafikelo mudzandikhululukire. Ndikadzatsegula chitseko, ndisanayang'ane nkhope yanu, ndidzayamba ndayang'ana pansi.

Ndatha ine mwana wanu wokukondani,
Rukia