Kuchipinda kwathu tikugona anthu asanu

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndili ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka zinayi, ndipo chibadwire iyeyo kwangoti zii. Chaka chino dokotala anayamba kundibaya jakisoni wothandiza kutenga pakati. Anatipatsa masiku oti ine ndi amuna anga tizikhalira malo amodzi, n'kundichenjeza kuti, "Mayi, thupi lanu latopa, ulendo uno ndi womaliza."

Kuti tipeze mpata, tinamusamutsira mwanayo kuchipinda chake. Mayo ine, tinaputa mavu! Anayamba kuyenda ali m'tulo. Amakankha chitseko chathu maso ali tong'oo, n'kudzagona chopingasa pakati pathu, phazi pakhosi pa bambo ake. Tsiku lina anabwera ndi nsapato zonse za m'nyumba n'kuziyala pabedi ngati akugulitsa.

Amuna anga anaitana mayi awo kuti azigona naye. Koma apongoziwo mkonono wawo ndi wa chigayo, mwana amathawa, iwo n'kumulondola. Pano anayala matiresi kumiyendo kwa bedi lathu, akuti, "Bola ndizimudikirira komwe amapitako." Kenaka anaitanitsa mlamu wanga kuti azilondera pakhomo pa mwana. Mlamuyo amaopa mdima. Sanachedwe kugogoda: "Alamu, sunthani, pakolidopa pali chinthu chikupuma." Inali firiji.

Ndiye tikugona anthu asanu chipinda chimodzi, ndipo kukacha apongozi amandifunsa osaseka, "Nanga mankhwala aja akugwira?" Masiku a dokotala akutha. Amuna anga akuti timupatse mwana mankhwala ogonetsa. Dzulo mwanayo anandifunsa kuti, "Amama, khanda likabwera, ine mukandibweza kuchipatala?" Ndinalira. Nditani ine?

L.W., kuseri kwa msika waukulu

Mayi L.W.,

Pepani, ndaseka mpaka tiyi kunditsamwa. Kwanuko si kuchipinda ayi, ndi depoti ya basi.

Mlamuyo alongedze lero lomwe. Mlonda woopa firiji angakulondereni chiyani? Apongozi musawathamangitse, ingowasinthirani ntchito: masana azitenga mdzukulu wawo kukamuyendetsa kutali mpaka onse awiri atope. Amuna anu apemphe kuweruka msanga kuntchito. Kodi dokotala ananena kuti ntchito imeneyi imafuna mdima? Chitseko chili ndi loko, mawindo ali ndi makatani. Zinazo sindinena, ndinu akuluakulu.

Mwanayo azigona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, foni ndi TV zitazimitsidwa, kanyale kakuyaka. Akayamba kuyenda musamugwedeze kapena kumukalipira, ingomugwirani dzanja n'kumubwezera pabedi pake. Zitseko zakunja muzikhoma, mipeni muzibisa. Mankhwala ogonetsawo ayi ndithu, amuna anuwo muwauze kuti ndakana. Zikapitirira, kamuonetseni kwa dokotala wa ana. Dokotala wanunso musamuchitire manyazi, muuzeni za msonkhano wa kuchipinda kwanuwo kuti aone ngati angasunthe masiku.

Funso lake lija muliyankhe lero, mutamukhazika pamiyendo. Muuzeni kuti sapita kulikonse, ndipo mawa mubwerezenso.

Chenjerani ndi ichi, mayi. Jakisoni akhoza kugwira, akhozanso kukanika. Akakanika, pasadzapezeke munthu m'nyumbamo, ngakhale moseka, wouza mwanayo kuti ndiye anatsekereza mng'ono wake. Iye za dokotala sakuzidziwa, akungoopa kuti mayi ake amusiya.